Mpeni wa Che Sidiki

Boma litanditumiza kudzaphunzitsa kuno kunyanja ku Salima, ndinapeza nyumba yoyandikana ndi ya Che Sidiki, bambo wamfupi wa ndevu za imvi, amene ntchito yawo ndi kuzinga mbuzi. Kuno ukakhala ndi ukwati, ngakhale uli mkulu wa mpingo, umaitana Msilamu kuti azinge chiweto, apo ayi theka la alendo ako lidyera masamba. Che Sidiki anali msodzi mpaka chifuwa chinawaletsa kukhalitsa pamadzi, ndipo kwa zaka makumi awiri mpeni ndiwo wakhala ukudyetsa banja lawo.

Ine ndinafika ndi mantha otola pa foni. Masiku amenewo pa WhatsApp pankayenda mavidiyo a zigawenga zodula anthu makosi kwinaku zikutchula dzina la Mulungu. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkaona aneba angawa akuzembera kuseri kwa bafa, n'kumanola mpeni mobisa, milomo ikuyenda. Ndinakazinena kwa aphunzitsi anzanga, moseka, ndikudziona ngati wochenjera. Kandimverere anakanena za m'maluwa: pofika kumsika, nkhani inali yakuti Che Sidiki akuphunzira zauchigawenga.

Maukwati atatu otsatizana anakatenga wozinga wina kuboma. Njinga ya Che Sidiki, imene Loweruka lililonse inkalawira, inayamba kuswera pakhonde. Ndinaona, koma ndinkangodutsa.

Potseka sukulu, ahedi athu, mayi Ester, anagula mbuzi ziwiri za phwando. Iwo za miseche analibe nazo ntchito. Anaitana Che Sidiki, n'kundiuza ine kuti ndikawagwirire. Ndinaikoka mbuzi yoyamba ndi mwendo wakumbuyo, ikulira.

"Aphunzitsi, limenelo si thumba la makala," anatero Che Sidiki. "Isiyeni iyende yokha."

Anaipatsa madzi m'beseni, nadikira imwe. Kenako anandituma kuti inzakeyo ndikaimange kuseri kwa kalasi, isaone kanthu. Nditabwerako ndinawapeza atagwada, akuisisita pakhosi, akuilankhula pansipansi ngati mwana wodwala malungo. Mpeni unali kumsana, m'kati mwa mkanjo. Mbuzi ija inasiya kunjenjemera, inagona yokha m'manja mwawo. Anailozetsa kumene Asilamu amaloza akamapemphera, anati "Bisimila," kutchula dzina la Mulungu, ndipo dzanja linadutsa pakhosi kamodzi kokha. Ine amene kwathu ku Ntcheu tinkapha nkhumba ndi chibonga, mudzi wonse ukumva, ndinaima kukamwa kuli yasa. Sindinaonepo munthu akuchitira ulemu chinthu chimene palibe angamufunse za icho.

Akusamba m'manja, ndinafunsa chifukwa chimene amanolera mpeni kuseri kwa bafa.

"Khola langa lili kumaso kwa nyumba," anayankha. "Chiweto sichiyenera kuona mpeni ukunoledwa. Ukatero wachipha kawiri, ndipo Mwini wake adzakufunsa. Nanga ine ndikayankha chiyani?"

Manyazi anandigwira. Ndinawauza kuti nkhani ija inatuluka pakamwa panga.

"Ndinadziwa sabata yomweyo," anatero, akupukuta manja. "Rukiya wanga ali m'kalasi mwanu. Anzake akumutcha mwana wa chigawenga. Masiku awiri anakana kudya."

"Nanga bwanji simunabwere kudzandifunsa, bambo?"

Anandiyang'ana osakwiya, ngati akudabwa kuti munthu wa sukulu angafunse zotere.

"Ine, wa mpeni, kufika pakhomo panu mtima uli m'mwamba? Mukanati mwaona chiyani? Anthu akanati ndi zomwe tinkanena zija. Ndiye ndinakhala pansi. Mwanayo ndinangomuuza ziwiri: asasiye sukulu, komanso asasiye kukupatsani moni."

Ananyamula beseni lawo n'kupita kuseri kwa kalasi, kumene mbuzi yachiwiri inkadya udzu osadziwa kanthu. Ine ndinatsala pomwepo, ndikuwerenga m'mutu masiku a temu yonse. Panalibe ndi limodzi lomwe limene mtsikana uja sanaime pakhomo la kalasi, manja pamodzi, bondo litapinda, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Ndipo ine tsiku lililonse ndinkayankha osamuyang'ana n'komwe.