Manja amene ndinatsuka ndi mandimu

Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi osagwira ntchito yolembedwa. Satifiketi ndinali nayo, m'envelopu ya khaki imene inatha m'makona chifukwa choyenda nayo. Kuboma ku Kasungu alonda a m'maofesi anafika pondizolowera, moti ankangoti akandiona patali, n'kupukusa mutu ndisanapereke ndi moni womwe.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pachikamwini ku Chulu. Apongozi anga aamuna ankalima fodya wa bale, ndipo mkamwini wopanda ntchito kwa iwo anali khasu lina la pakhomo. Ndinathirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Ikafika nyengo ya makuponi, woima pamzere wa feteleza masiku atatu ndinali ine, chifukwa, mwa mawu awo, ophunzira amadziwa kudikira. Zonsezi ndinkachita ndikudziuza kuti sindine mlimi, ndikungothandizako poyembekeza kuitanidwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi apongozi anatopa nane. Anandiuza mofatsa kuti munda wawachepera, ndipo msika wa fodya ukamatsekedwa ndisanapeze ntchito, nditenge mwana wawo tikalowe utenanti ku esiteti iliyonse. Mkazi wanga anamva ali kuseri kwa nkhokwe. Ine manyazi anandigwira.

Posakhalitsa mphunzitsi wina wa pasukulu yathu anandinong'oneza kuti esiteti ina cha ku Lisasadzi ikufuna kalaliki wa kuchigafa. Ine ndinangomva mawu oti kalaliki, enawo anandidutsa. Ndinayang'ana manja anga. Amene anagwirapo fodya amadziwa utomoni wake, umamatirira n'kuda bii, ndipo sopo amangouseka. Kalaliki wanji wa manja otere?

Sabata yonse sindinakhudze tsamba. Ndinanama kuti dzanja latupa, n'kulimanga kansanza. Kuseri kwa bafa ndinkakwecha ndi mchenga, mandimu ndi mwala wotsukira kumapazi, kenako n'kupaka mafuta odzola a mkazi wanga mpaka botolo linaoneka pansi. Pofika Lolemba manja anali see, ofewa ngati a khanda. Mphunzitsi uja anandibwereka jekete, ndinapalasa njinga ndili thukuta kamukamu, koma kuvula ayi.

Tinalipo anthu asanu, tonse ndi maenvelopu. Bwana wa esitetiyo, bambo wamfupi wa chipewa chong'ambika, anatipeza pakhomo pa chigafa dzuwa lili paliwombo. Maenvelopu sanawayang'ane n'komwe.

"Tambasulani manja," anatero.

Awiri a manja akuda anawaimika mbali imodzi. Atafika pa ine anagwira chikhatho changa, n'kuchitembenuza, n'kuchinunkhiza.

"Achimwene, inu mwasochera. Kuno sitikufuna abusa."

"Bwana, fodya ndagwira zaka zisanu ndi chimodzi."

"Ndi manja ati? Ena munawasiya kunyumba?"

Anzanga aja anaseka. Ndinaima pamenepo m'jekete la eni, nditafufuta ndekha umboni wokhawo umene bamboyo ankaufuna. Ndinalakalaka kulira, koma ndinkaopa kudetsa jekete.

Bwanayo anauza awiri aja kuti alowe, atsitse fodya wouma amusankhe iye akuona. Ife otsala sanatithamangitse, anangotiiwala. Mmodzi wa awiriwo, pofuna kuonetsa changu, anakwera n'kukoka mtengo wonse wopachikapo fodya. Masamba analira kuti tswatswa, zidutswa n'kumagwa pansi.

Sindikudziwa kuti pakamwa panga panatseguka bwanji. Mawu amene anatuluka sanali anga, anali a apongozi, ndi kalankhulidwe kawo komwe.

"Siya, iwe! Fodya amagwidwa masana? Dikira m'mawa atafewa ndi chinyezi. Ukufuna tikagulitse fumbi?"

Munthu uja anatsika pang'onopang'ono. Ine ndinayamba kupepesa, koma bwana anandidula.

"Anakulalatirani choncho ndani?"

"Apongozi anga, bwana."

"Kangati?"

"Chaka chilichonse."

Anatola tsamba limodzi n'kundifunsa kuti ndi la pati pa mtengo. Ndinati la m'munsi, lopyapyala, losayenera kusakanizidwa ndi a pakati. Anatola lina, ndinayankha. Pa lachinayi anasiya, n'kunena kuti ndibwere Lachitatu m'mamawa, jekete ndikabweze kwa mwini wake. Envelopu ndinabwerera nayo yosatsegula.

Pobwerera ndinakonza bodza labwino, loti anagoma ndi Chingerezi changa. Koma nditawapeza apongozi atakhala pamthunzi wa chigafa chawo, bodza lija linakana kutuluka. Ndinakhala pansi chapatali, monga mwa ulemu, n'kuwafotokozera zonse, za mandimu zomwe. Anaseka mpaka kutsokomola, mkazi wanga naye akuseka atagwira chitenje kukamwa, misozi ili mbwembwembwe.

Atatha kuseka apongozi anayang'ana fodya wawo amene anali asanasankhidwe.

"Ndiye mwana wanga sakakhala tenanti," anatero. Kenako anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi chipewa. "Pitani bwino, bambo. Ine ndimayesa simumamva."