Zikhatho za Sarah

Ku Golomoti mukafunsa nyumba ya a Bernadeta Nankhoma, anthu sankavutika kukulozerani. Ankangoti, “Pitani, mukaiona nokha.” Ndipo munkaionadi. Khirisimasi ikayandikira, mayiwa ankasenza katondo wofiira, makande akuda ndi dothi loyera la kudambo, n’kuzira makoma kuyambira pansi mpaka m’mazenera. Mizere yake inkachita kuwongoka ngati ayeza ndi chingwe, chonsecho sukulu analekeza Sitandade 2. Lusoli analitengera kwa amayi awo, ndipo ankafuna kudzalisiyira mwana wawo wamkazi, Sarah.

Sarah sanadikire. Malungo anamutenga ali ndi zaka khumi, patangotha masabata atatu chithandizireni amayi ake kuzira. Tsiku lozira lija mwanayo anaviika dzanja m’dothi loyera n’kudinda zikhatho zisanu pakhoma lakuseri, pansi pa zenera. Amayi ake anamukalipira kuti akuwononga mizere, ndipo kukalipa kumeneko kumawawawa mpaka lero. Chithunzi chake panalibe. Ankati adzamujambulitsa tsiku lolandira Ukalisitiya woyamba ku Mua, koma tsikulo silinafike.

Kwa zaka khumi ndi zinayi malo amenewo sanawazirenso. Anakhomerapo chidutswa cha lata chapamwamba kuti mvula isamenyepo, ndipo pozira ankalambalala mosamala. Mlendo akafunsa kuti ana ali nawo angati, iwo ankati, “Awiri,” n’kumutengera kuseri kukamuonetsa zikhathozo. Cha Sarah chimene chinatsala padziko chinali chomwecho basi.

Mwana winayo ndi Gibson, amene ali ndi malo otsukira magalimoto ku Lilongwe. Tisamunamizire, si mwana woipa. Malata a nyumbayo anagula ndi iyeyo. Vuto lake ndi manyazi, matenda amene amagwira ana athu akangolawa tawuni. Atapeza mbeta ya ku Blantyre, ndipo makolo a mtsikanayo atanena kuti abwera Loweruka kudzaona kwawo kwa mkamwini, Gibson anatulukira Lachinayi ndi makina ake otsukira, a injini ya petulo aja amene madzi ake amatuluka mwamphamvu moti angakusende khungu.

“Amayi, matope awa achoke,” anatero. “Anthu akubwerawa ndi ophunzira. Aone njerwa, kenako tidzapaka penti.”

Matope! Ntchito imene akazi ankachokera ku Mtakataka kudzaonera, mwana anaitcha matope. A Bernadeta analolera, poti sankafuna kumuwonongera ukwati.

“Tsuka konse kumene ukufuna, mwana wanga,” anatero. “Koma kuseri, pansi pa kachidutswa ka lata kaja, usakhudzepo.”

“Ndamva, Amayi,” anayankha Gibson maso ali pafoni.

Makinawo amamwa madzi ngati ng’ombe ya m’chilimwe, ndipo pakhomopo palibe mpopi. Ndiye otunga anali ndani? Eni nyumba omwewo. Anapinda nkhata, n’kuyamba ulendo wa kumjigo ndi ndowa, kukathira mumgolo, kubwereranso, dzuwa la Okutobala likuwotcha pamutu. Kumjigoko mnzawo wa kwaya, a Elizabeti, anawaseka.

“Anzathu mwakwera! Nyumba kusamba ngati munthu?”

“Nanga titani, ndi za ana,” anayankha a Bernadeta, koma kuseka sanaseke.

Ulendo uliwonse ankapeza khoma lina lavulidwa. Katondo ankayenderera pabwalo, abakha n’kumasangalala. Gibson amadziwa magalimoto, makoma sawadziwa. Njerwa za nyumbayo anamangira dothi, osati simenti, moti madzi aja ankakumba m’mizere mpaka chala kumalowa. Iye ankangoimba mluzu.

Pa ndowa yachisanu ndi chinayi, ali pamtengo wa mango wa kumalire, a Bernadeta anamva injini ikulirira kuseri kwa nyumba. Anakuwa, koma ndani angamve nkhalamba paphokoso lotero? Akanaponya ndowa ija pansi n’kuthamanga, mwina akanapulumutsa chikhatho chimodzi. Koma moyo wawo wonse anali asanatayepo madzi otunga okha, ndipo manja anakana kusiya ndowayo. Anafulumira nayo pamutu, madzi akukhavukira kumsana.

Anapeza lata lili pansi, khoma lili psuu, njerwa zokhazokha. M’munsi mwake munkayenda timadzi toyererako.

Gibson anazimitsa injini akumwetulira. “Mwaona kukongola? Chilata chija chimanyansa, ndachotsa. Panali zodindadinda za ana.”

“Anali Sarah amene uja.”

Mnyamatayo anacheukira kukhomako, paipi ya makina ili m’manja. Pamaliro a mlongo wake analipo, ndipo kuseriko anadutsako kosawerengeka, koma anali asanaimepo n’kuyang’ana.

“Mukanandiuza bwinobwino, Amayi.”

A Bernadeta anasendera pakhoma paja. Anatula ndowa, n’kugwada, n’kuyesa kuwola timadzi tija ndi manja, koma nthaka youma inali itamwa kale. Chimene chinawapweteka koposa, ndipo amachinena mpaka lero, n’chakuti madzi amene anafufuta mwana wawo anatunga okha, pamutu pawo.

Loweruka alendo anafika pagalimoto ziwiri. Anayamikira ukhondo wa pakhomo, anayamikira njerwa, Gibson n’kumangoyang’ana pansi. Atadya, amayi a mtsikana uja anatembenukira kwa mnzawo mwaulemu.

“Nanga ana muli nawo angati, asewere?”

A Bernadeta anagwira pamphasa kuti adzuke, monga ankachitira zaka zonsezi. Atafika pakati anakumbukira, n’kukhalanso pansi.

“Mmodzi,” anatero.