Mmene Ndinathamangitsira Kompyuta ya Pasukulu

Kompyuta yoyamba pasukulu yathu inafika pa njinga kuchokera pa Nguludi, itakulungidwa m'chitenje ngati mwana wopita naye kusikelo. Inali mphatso ya anthu akufuna kwabwino a kunja, amene anaigwiritsa ntchito mpaka kukhuta nayo, kenako n'kukumbukira kuti ku Chiradzulu kulinso ana asukulu. Ana anaimba, ahedi analankhula mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndipo makinawo anawakhazika mu ofesi mwawo, pa tebulo limene kale pankakhala taipi, makina akale olembera.

Ine ndinkaphunzitsa masamu, choncho ahedi anagamula kuti woyang'anira kompyuta ndikhale ine. Ankati manambala ndi makina ndi pachibale. Sindinatsutse. Ndinali ndisanathe zaka ziwiri pa ntchito, ndipo udindo uliwonse wokhala ndi kiyi ndinkaulandira ndi manja awiri.

Munthu yekhayo amene anaphunzirako za kompyuta anali amayi a taipi, mayi wa ku Likoswe amene anayamba kutaipa mayeso a pasukulupo ine ndidakali ku pulaimale. Sukulu inawatumiza ku Blantyre masabata awiri. Atabwerako tinawapatsa ntchito yogwirizana ndi maphunziro awowo: kupukuta fumbi m'mawa ndi kufunditsa makinawo nsalu poweruka. Taipi yawo inakasungidwa m'chipinda cha makasu ndi mabuku ong'ambika.

Vuto la kompyutayo linali ulesi. Ukaiyatsa unkatha kupita kukaitana mayina ku Fomu 2, kubwerako, n'kuipeza ikuganizabe. Ndinadandaula za izi kwa alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene ankagwira ntchito m'sitolo ina yokonza makompyuta ku Limbe. Ntchito yawo yeniyeni inali yonyamula makatoni ndi kusesa, koma zimenezo ndinadzazimva mochedwa. Kwathu kuno ankadziwika kuti ndi a makompyuta, ndipo ankayenda ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya ngakhale popita kumaliro.

Anabwera Loweruka lina, mwezi wa Okutobala ukutha. Ndinawatsegulira ofesi. Anaizungulira kompyutayo, kuigogoda pamwamba, n'kupukusa mutu.

"Alamu, azungu ndi ochenjera," anatero. "Purosesa iyi ikhoza kuthamanga kuposa apa. Anaichepetsa dala kuti mutope mukagule ina."

Anandifotokozera kuti purosesa ndiye ubongo wa makinawo, ndipo kuimasula kumatchedwa ovakuloko. Mawuwo anandikomera m'kamwa. Anayatsa kompyuta n'kuyamba kumenya batani lolembedwa Del ngati akupha nyerere, ndipo sikirini inasanduka yabuluu, yodzaza malemba achikasu. Anati tafika mu bayosi, mmene kompyuta imasunga malamulo ake isanadzuke. Mawusi mmenemo sinkagwira ntchito, tinkayenda ndi mabatani a mivi. Titasochera kangapo, tinapeza mzere wokhala ndi nambala ya 100. Alamu anati liwiro la purosesa ndi nambala imeneyo kuchulukitsa ndi ina imene inali yokhoma, moti ukakweza yoyambayo zonse zimakwera. Pamenepo ndinakhutira. Nkhani inali ya kuchulukitsa, ndipo wa masamu ndinali ine.

Anakweza mpaka 112. Ananditsina khutu kuti anyamata a kusitolo kwawo amakweza pang'onopang'ono, n'kumaona kaye ngati makina sakutentha. Ndinavomera monga mmene munthu amavomera malangizo a pa ukwati. Tinasunga zosinthazo, kompyuta inazima n'kuyakanso, ine ndikuyang'ana wotchi. Inadzuka mofulumirako ndi masekondi anayi.

Masekondi anayiwo ndinayenda nawo. Lolemba aphunzitsi onse anawamva, ena kawiri. Ahedi anayamba kunditchula injiniya. Sindinaone chifukwa chovutitsira anthu ndi dzina la alamu anga.

Tsiku lomwelo masana ndinalowanso mu bayosi ndekha. Ndinaganiza kuti ngati 112 wapereka masekondi anayi, 133 apereka ambiri, ndipo munthu wophunzira sangamakwere makwerero amodziamodzi ngati nkhalamba. Pansi pake panali mzere wina wa mphamvu ya magetsi yopita ku purosesa. Nawonso ndinaukweza, poganiza kuti galimoto yothamanga imamwa mafuta ambiri. Amayi a taipi anali ataima pakhomo ndi kansalu kawo. Anandifunsa mwaulemu ngati mayeso a teremu yachitatu, amene ndinakhala ndikuwataipa ndi zala ziwiri kwa masabata atatu, ndinali nditawasungako pa disiketi. Ndinawayankha kuti madisiketi ndi a anthu osakhulupirira makina awo. Anati chabwino aphunzitsi, n'kupita.

Ofesi ya ahedi inali ya malata opanda siling'i, ndipo dzuwa la chaka chimenecho linkasungunula phula. Lachiwiri kompyuta inayamba kuuma pakati pa chiganizo. Mawusi osayenda, kiyibodi osamva. Ndikagwira m'mbali mwake munkatentha ngati simbi. Ndinachotsa chitsulo cha m'mbali kuti mphepo izilowa, n'kuuza ahedi kuti makina othamanga amafuna mpweya wambiri. Iwo anakatenga fani ya kunyumba kwawo, akazi awo akulalata mpaka pamsewu. Faniyo inagwira ntchito yabwino kwambiri youlutsa mapepala onse a pa tebulo la ahedi.

Lachitatu m'mawa kompyuta inazima yokha n'kuyakanso. Inateronso kachiwiri. Kachitatu siinayake. Fani ya m'kati inkazungulira, kanyali kobiriwira kanali kuwala, koma sikirini inali bii. Ndinamenya Del mpaka chala chinawawa. Bayosi, imene ndinkalowamo ngati kwathu, inanditsekera chitseko.

Mayeso amayenera kuyamba Lolemba. Mapepala a maphunziro onse anali mmenemo. Ndinapita kwa aphunzitsi anzanga kukapempha zolemba pamanja zimene anandipatsa poyamba, ndipo anandikumbutsa kuti ndine ndemwe ndinawabwezera n'kuwauza kuti nthawi ya mapepala inatha. Aphunzitsi a jogalafe anali atapereka mapepala awo kwa akazi awo, amene ankakulungira zitumbuwa zogulitsa pamsika.

Ndinapalasa njinga mpaka pa Nguludi kukaimba foni pa biyuro. Alamu anamvetsera nkhani yonse mwachifundo, kenako anafunsa kuti nambala ija inali pati. Ndinawauza kuti 133.

"Ine ndinasiya pa 112," anatero. "Abwana akundiitana."

Pobwerera sindinapalase mwachangu. Ndinkawerengera m'mutu kuti kalata yondichotsa ntchito idzalembedwa pa chiyani, poti kompyuta yafa ndipo taipi ili m'chipinda cha makasu.

Nditalowa mu ofesi ndinapeza amayi a taipi atagwada pambali pa makinawo, waya wa magetsi atauzula kukhoma. Ahedi anali ataima kumbuyo kwawo manja ali kumsana, nkhope ngati ya munthu woperekeza wodwala. Amayiwo anachotsa kapini m'tsitsi mwawo, n'kutokosa nako pa bolodi lobiriwira la m'kati, ndipo panatuluka kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo. Anakaika pa tebulo n'kukhala pampando. Ndinafunsa kuti tsopano tikudikira chiyani. Anati tikudikira kuti iiwale zimene ndinaiuza.

Patapita mphindi zingapo anabwezeretsa kabatireko, kulumikiza waya, n'kuyatsa. Kompyuta inalira kamodzi, sikirini inawala. Analowa mu bayosi ndi kugunda kumodzi kokha pa Del, n'kundisonyeza mzere uja. Unali utabwerera pa 100. Anati zimenezi anawaphunzitsa ku Blantyre kuja, tsiku limene ankaphunzira za zinthu zimene anthu amaononga.

Ahedi anafunsa chifukwa chake sananene kuti amadziwa zonsezi.

"Ndinatanganidwa ndi fumbi, ahedi," anayankha.

Chimwemwe chathu chinatha titatsegula mayeso. Kuthamanga kuja sikunathere pa purosesa pokha, kunasokonezanso mmene makinawo ankalembera zinthu pa disiki. Pepala la Chingerezi linali timabokosi tokhatokha. La sayansi linakana kutseguka. La masamu, langa, linasowa ndi dzina lomwe. Lokhalo limene linapulumuka lonse linali la maphunziro a Baibulo, ndipo ahedi anati pamenepo pali phunziro, ngakhale sananene kuti ndi lotani.

Taipi inabwerera pa tebulo lake madzulo omwewo. Aphunzitsi anakhala pansi kukumbukira mafunso awo, ena akutukwana chapansipansi, ndipo amayiwo anataipa masitensulo osindikizira mayeso Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, osayang'ana n'komwe pa zala. Ine, injiniya, ndinapatsidwa ntchito yopukusa chogwirira cha makina osindikizira. Inki inandidetsa malaya awiri. Mkazi wanga atamva zonse sanandinyoze. Anangofunsa ngati ndinkadziwa kuti achimwene akewo anaonongapo wailesi ya bambo awo ndi sikuludiraiva yomweyo.

Mayeso anayamba Lachiwiri m'malo mwa Lolemba. Pa asembule ahedi anauza ana kuti kompyuta inagwidwa ndi vayirasi yochokera kunja, ndipo ana anamva chisoni. Pa msonkhano wa makolo wotseka chaka anabwereza nkhaniyo, n'kuonjeza kuti mwamwayi sukulu ili ndi mphunzitsi wachinyamata wodziwa makina amene anaidzutsa. Anandipempha kuti ndiimirire. Makolo anaomba m'manja, amayi ena a ku Mauwa analuluta. Amayi a taipi anali kumbuyo akugawa zakumwa. Ndikanatha kunena zoona pamenepo, zinangofunika mawu ochepa. Ndinaimirira, ndinawerama pang'ono, n'kukhala pansi.

Sabata yotsatira ndinasindikiza makalata a umboni a ana a Fomu 4. Patangopita masiku awiri bambo wina anabwera nayo kalata ya mwana wake ali wokwiya. Deti limene linali pamwamba linkasonyeza kuti mwanayo anamaliza sekondale ali mu Sitandade 5. Pochotsa kabatire kaja kompyuta inaiwalanso kalendala, n'kubwerera ku chaka chimene inapangidwa, ndipo makalata onse makumi anayi ndi mphambu zingapo anatuluka ndi deti limenelo, ahedi atasaina ndi kudinda.

Ndinadziwa kuti deti amakonzera mu bayosi. Ndinakhala pampando, chala chili pa Del, koma sindinadine. Ndinanyamuka kupita kukhonde kumene amayi a taipi ankamwa tiyi, ndipo ndinawapempha kuti akandisonyeze. Anandiyang'ana, n'kunena kuti abwera akamaliza. Tiyi anali wotentha, ndipo iwo sankamwa mothamanga. Ndinaima pomwepo mpaka anamaliza.