Kalata Imene Ndinalamula Nayo Bwana wa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkadziona kuti ku Mzilikazi konse kunalibe mwana wodziwa Chingerezi kuposa ine. Aphunzitsi ankawerenga zolemba zanga kalasi yonse ikumva, ine n'kumatukumuka ngati finye. Matenda anga anali amodzi: kusakhazikika. Amayi ankati ndikakhala pampando mphindi zisanu, ndiye kuti ndadwala.

Ababa anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzakhala kuno kudziko la eni, ndipo ankagwira ntchito pa fakitale ina ya mipando ku Belmont, ulendo wa panjinga m'mawa uliwonse. Chichewa, Chindebele ndi Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha kuntchito, ankachita kusinthanitsa, koma cholembera ankachiopa. Lamulungu lina masana kunafika mayi wina wogulitsa zitenje wochokera kumudzi, atasenza uthenga woti agogo, amayi awo a Ababa, asiya kudya ndipo akungotchula dzina la mwana wawo. Tsoka ilo, pa fakitale panali patabwera bwana watsopano amene analamula kuti wofuna tchuthi azipempha polemba, m'Chingerezi.

Ababa anandiitana ndili pakati pa fulaye mumsewu. Ndinalowa m'nyumba ndili wefuwefu, fumbi mpaka m'maondo, n'kukhala mongogunda pampando.

"Ulembe kuti: Bwana, amayi anga adwala kwambiri kumudzi. Akufuna andione asanatisiye. Chonde mundipatseko masabata awiri."

Kunja anzanga ankakuwa m'Chindebele kuti ndibwere, "Esinati, woza!" Mwendo wanga unkangogwedera pansi pa tebulo. Ndinalemba mosayang'ananso kawiri: My mother they are very sick. They want to see me before they die. You must give me two weeks. "Chonde" uja ndinamusiya panjira. Ndinkaganiza kuti you akukwanira, poti kwathu ukanena kuti "mundipatse", ulemu uli kale m'menemo. Ababa anaipinda kalatayo mosamala, n'kundisisita pamutu. Ine ndinali nditafika kale pakhomo.

Lolemba madzulo njinga inalowa pageti popanda kuliza belu. Ababa anaika kalata ija patebulo. Inali ndi mizere yofiira pansi pa must, ndi pansi pa they paliponse. Bwana anati pa fakitale yake palibe womulamula, akalembe bwino. Mlembi wa mu ofesi naye anawafunsa, anthu akuseka, kuti kodi ali ndi amayi angati amene akumwalira tsiku limodzi. Ababa sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikwapula, chifukwa chete ameneyo ankandiwawa kuposa lamba.

Amayi anandikokera kuseri kwa mpanda, kwa MaNcube, mphunzitsi wopuma amene anakwatiwa ndi Mmalawi ndipo Chichewa chake chinali chokhota koma chomveka. Anavala magalasi, n'kuwerenga, n'kupukusa mutu.

"Hayi, mntanami, mwana wanga! Must ndi mawu a wapolisi. Inu a Nyasa ulemu mumauika pa munthu, iwe kapena inu, iye kapena iwo. Mzungu you wake ndi mmodzi, wa mfumu ndi wa galu. Ulemu wake anaubisa mu timawu iti: may I, could you, would you. Ndipo agogo ako ndi she. Mmodzi basi."

"She ngati Thandi wa m'kalasi mwathu?" ndinafunsa, magazi atawira.

"Ngati Thandi, yebo. Lemba."

Ndinalemba katatu konse mpaka MaNcube anavomera. Mawu akuti she is very sick ndinkawaona ngati ndawavula agogo mpango pagulu.

Lachiwiri Ababa anapita nayo, n'kupeza bwana wapita ku Harare. Wotsala m'malo mwake anati alibe mphamvu yosainira. Masiku amene anatsatirawo sindidzawaiwala. Chikwama chinali chomangamanga pafupi ndi chitseko, muli shuga, sopo ndi bulangete latsopano la agogo, ndipo aliyense wodutsa ankachiwomba ndi phazi. Ababa akaweruka ankangozungulira pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira. Amapopa matayala opopa kale, amatuluka pageti, amabwerera. Ine m'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinadzaza tsamba lonse la kope ndi may I, may I, ngati kuti kulemba kambiri kungabweze Lolemba.

Chilolezo chinatuluka Lachisanu. Ababa anakwera basi ya ku Harare madzulo omwewo, n'kulumikiza ya ku Tete ndi Mwanza. Anafika kumudzi Lamulungu, n'kupeza anthu akuchokera kumanda. Agogo anali atatsikira kulichete Loweruka m'mawa.

Atabwerako ndinkawathawa. Akalowa khomo lakumaso, ine ndatulukira lakuseri. Tsiku lina anandigwira akukonza tcheni cha njinga, n'kundiuza kuti ndiwagwirire chishalo. Anatulutsa m'thumba la shati kalata yoyamba ija, ya mizere yofiira, itafewa ndi thukuta.

"Awa mawu awa, 'dheyi', unati ndi chiyani pa Chichewa?"

"Iwo, Ababa."

"Nanga enawa amene anakulembetsa MaNcube?"

"Iye."

Anapukuta girisi m'zala.

"Ndiye amayi anga ndiwanene kuti iye? Apa sunalakwe, mwana wanga. Kwinaku ndiye unathamanga. Ukamalembera munthu wina, pakamwa pake wanyamula ndiwe. Uzikhala pansi."

Ndinalira mpaka chishalo chinanyowa, njinga n'kutsala pang'ono kugwa.

Papita zaka zambiri, ndipo lero ndimaphunzitsa Chingerezi chomwecho kusukulu ina ku Entumbane. Ndimawauza ana kuti can ndi mphamvu, may ndi chilolezo, must ndi lamulo, ndipo amadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndimakwiya chonchi ndi kamawu kamodzi. Sindiwafotokozera. Mumtima ndimawerengabe masiku aja: akananyamuka Lolemba, akanafika Lachitatu. Ndayesa kugawira bwana uja mlanduwo, ndipo gawo lake ndi lalikulu ndithu, koma langa silichoka. Mpaka pano kalata iliyonse ndimaiwerenga katatu, mwendo ukugwedera pansi pa tebulo ngati kale.

Chaka chatha Ababa anagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinalembera ahedi athu kupempha tchuthi. Ndinayamba bwinobwino ndi may I, ndinaikamo ndi please. Nditafika potchula wodwalayo, cholembera chinaima. Ahedi atawerenga anandiyang'ana modutsitsa maso pamwamba pa magalasi.

"Mphunzitsi wa Chingerezi, my father they are sick?"

"Musakonze," ndinatero. "Ingosainani, akundidikira."