Mkulu Akakupatsa Moni pa Foni

Kiyibodi yanga yoyamba inali ya katoni. Aphunzitsi anadula bokosi la sopo, n'kujambulapo mabatani ndi cholembera chakuda, ndipo tonse a giredi eyiti pasukulu yathu ku Chelstone tinauzidwa kukapanga zathu kunyumba. Yanga inkanunkhabe sopo wochapira. Kompyuta yeniyeni inalipo imodzi, mu ofesi ya ahedi, itafunditsidwa chitenje. Magetsi akayaka tinkapita kukaiona tili pamzere, manja kumbuyo.

Inali nyengo yotentha. Maluwa a jakaranda anali atathothokera mumsewu ndipo fumbi linkalowa mpaka m'masokosi. Tinaloweza zigawo zonse za kompyuta, moti mpaka lero ndingathe kuzitchula osapumira. Koma phunziro la intaneti linatha tsiku limodzi, ndipo ndimalikumbukira liwu ndi liwu. "Pa intaneti ni monga pa nyumba," anatero aphunzitsi. "Mukulu akakupasa moni, uyankha. Osachita mwano, dziko lonse likuona."

Lero ndimalemba nkhani m'nyuzipepala, ndipo ntchito yanga ndi kufunsa funso limene iwo sanafunse: mkulu wake uti? Pakhomo mkulu amalowera pageti, galu amamuuwa, amayi amamuona nkhope. Pa foni amalowa yekha, osaodira. Palibe amene anatiuza zimenezo. Anatiphunzitsa ulemu, basi.

Foni inali ya malume, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala nafe n'kumagulitsa mafoni m'tauni pafupi ndi pokwerera maminibasi. Iwo ndi amene ananditsegulira tsamba lochezerapo ndi anthu. Makinawo atandikana chifukwa ndinali mwana, malume anaseka n'kundiwonjezera zaka. "Manje wakula," anatero. Anaikapo chithunzi changa ndili mu yunifomu, baji ya sukulu ikuwerengeka bwinobwino. Analembapo dzina la tchalitchi chathu kuti anthu adziwe kuti ndine mwana wopemphera. Zonsezi anazichita mwachikondi, ndipo n'chifukwa chake zimandikwiyitsabe: palibe amene ankandifunira zoipa, koma palibenso amene anaima n'kuganiza.

Moni unabwera sabata yomweyo. "Shani, mwana wanga wabwino?" Pachithunzi cha munthuyo panalibe nkhope. Panali dzanja pa chiwongolero cha galimoto, ndi wotchi yagolide imene galasi lake linang'aluka pakona. Ndinayankha monga ndinaphunzitsidwira: "Ndili bwino, kaya inu atate?"

Malume ankandibwereka foni ndikamaliza kutsuka mbale. Bamboyo ankafunsa za mayeso, za anzanga, za kwaya. Ankadziwa kuti ndimaima mzere wakutsogolo poimba, ndipo ine ndinanyada kuti dziko lonse likuonadi. Kenako anati ndisamavutitse amayi ndi nkhani zathu, popeza amafika otopa kuchokera ku ofesi. Kenako anapempha chithunzi chimene sindichifotokoza pano.

Sindinatumize. Koma sindinakanenso, chifukwa m'kamwa mwanga munalibe mawu okanira munthu wamkulu. Anali asanaikidwemo. Ndinalemba kuti, "Pepani atate, foni ndi ya malume." Iye anati palibe vuto, andigulira yanga, ndikamupeze Loweruka kuseri kwa ogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, pamsika wa Chelstone. Loweruka ndinadzitsekera m'nyumba, ndikudziimba mlandu kuti ndadikiritsa mkulu padzuwa.

Malume anaona mauthengawo madzulo ake n'kupereka foni kwa amayi. Amayi anawerenga ataimirira, chikwama chidakali paphewa.

"Iwe, unali kuyankha chifukwa chani?"

"Ndi akulu, amayi."

Mbama inandipeza ndisanatseke pakamwa. Khutu linalira mpaka m'mawa.

Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: munthu mmodzi anene kuti wolakwa si ine. Zimene zinachitika n'zakuti malume anafufuta tsamba lonse, poopa kuti mlandu ungawagwere, ndipo umboni wonse unapita nalo. Nambala ya bamboyo palibe amene anaisunga. Kupolisi palibe amene anapita, chifukwa amayi anati anansi amva. Aphunzitsi, atauzidwa, anaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti pali mtsikana wina amene watichititsa manyazi pa intaneti. Dzina sanatchule. Sanafunikire kutero, mitu yonse inatembenukira kwa ine. Funso lakuti bamboyo ndani silinatuluke pakamwa pa munthu aliyense wamkulu, kunyumba kapena kusukulu.

Mwana wanga wamkazi ali ndi foni tsopano. Ndinamuphunzitsa zinthu zimene zikanakwana pa katoni ija n'kutsala malo: munthu amene sukumudziwa sumuyankha, ngakhale atakuitana mwana wake; munthu amene akuti usauze amayi ndiye woyamba kumunena; uthenga woipa umaujambula, suufufuta. Ndinamuphunzitsanso kunena kuti "ayi" mokweza, tili kukhitchini, mpaka anaseka. Ine sindinaseke.

Koma nthawi ija, amayi anga anaona kuti mankhwala anga ndi mapemphero. Lamlungu anandichotsa mu kwaya n'kundiimika kutsogolo kwa mpingo wonse. Malata ankatentha ngati chiwaya, zokuzira mawu zikulira, azimayi akudzikupiza ndi timapepala ta nyimbo. Abusa analengeza kuti mzimu wa intaneti walowa m'nyumba ya mlongo wathu, ndipo anaitana akulu a mpingo kuti adzandisanjike manja. Ndinagwada pasimenti. Manja anatsika pamutu panga, olemera, onunkhira mafuta odzola.

Limodzi linatsetsereka n'kukhala paphewa. Ndinatsegula maso pang'ono. Wotchi yagolide, galasi long'aluka pakona, inali pafupi ndi tsaya langa moti ndinkaimva ikugunda.

Mwini wake anapemphera mokweza kuposa onse. Anadzudzula mafoni, anadzudzula ana a masiku ano, thukuta likugwera pa kolala yanga. Atamaliza anawerama n'kunena chapansipansi, "Mwana wanga wabwino." Panja, amayi anamugwadira, akuwomba m'manja, kumuthokoza chifukwa chondimenyera nkhondo.

Ndinali ndi maso, ndinali ndi makutu, ndipo wotchiyo ndinaizindikira. Koma zonse zimene ndinaphunzitsidwa zinkandiuza kuti wolakwa ndi amene wagwada. Pobwerera kunyumba m'fumbi lija, nditagwira Baibulo la amayi, mtima wanga unapepuka koyamba sabata imeneyo. Ndinkaganiza kuti bamboyo wandikhululukira chifukwa chosabwera kumsika.