Dabulo ya achemwali

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano sindikuzimvetsa. Koma ndiyambe ndi zimene zinachitika Lachitatu, apo ayi mundiyesa wamisala.

Amene simusewera briji, masewera ena a makadi, mvetserani. Timakhala anayi patebulo, awiriawiri, mnzako moyang'anizana nawe. Makadi asanaponyedwe timayitana kaye, kutchula mtundu wa makadi ndi nambala mokwezerana ngati pamalonda, ndipo poyitanapo saloleza kucheza, kutsinzinirana diso kapena kutsokomola mwadala. Muli mawu amodzi ovuta, dabulo. Mnzako akawanena koyambirira, adani akadali pansipansi, ndiye kuti akuti, ndichotse pano, sankha mtundu wa makadi tithawireko. Akawanena adani atakwera kale, akuti, ndisiye, awa ndithana nawo ndekha. Mawu omwewo, abale, matanthauzo awiri.

Mnzanga wa briji ndi achemwali anga a Dorika. Chimwalirire alamu chaka chatha amakhala okha, ndipo makadiwa ndiwo amawatulutsa m'nyumba. Lachitatu adani anayitana makadi a mitima iwiri, pansi penipeni, achemwali n'kunena dabulo. Mwana aliyense wa briji akudziwa kuti imeneyo ndi ya ndichotse. Koma anainena ndi mawu aukali aja, ine n'kuganiza kuti ali nawo makadi olanga. Ndinangoti pasi, kutanthauza kuti ndilibe chonena. Tinakwapulidwa ngati ana. Potuluka anangoti, "Filesi, ndimati undichotse, iwe n'kundisiya pamoto." Kuchokera tsiku limenelo foni yanga sankayankha.

Ndiye kutulo kuja tinali pampikisano, koma tebulo analiika pakati pa mlatho, magalimoto n'kumatizungulira bwinobwino osaimba ndi hutala yomwe. Adani athu anali abambo awiri ovala zikhoti za mvula, wina akudya chimanga chootcha ndi dzanja lomwelo logwirira makadi. Pambali panaima woyang'anira mpikisano ndi belu la kusukulu. Ine zonsezi sindinadabwe nazo. Chimene chinandinyansa n'chakuti mpando wanga unali wogwedera.

Kenako ndikuti ndione makadi anga, ndapeza ndi masamba a mpiru khumi ndi atatu. Ndinayamba kuwasanja ndithu, aakulu kumanzere, ofooka kumanja, ndipo ndinkadziwa kuti lija lodyedwa ndi mbozi ndi mfumukazi ya sipedi. Bambo wa chimanga uja anayitana mitima iwiri, mnzake n'kukweza itatu. Achemwali ankangoluka chipewa.

Ndiye ndinaona madzi. Sanadzaze mlatho wonse ayi, anangozungulira mpando wa achemwali basi, ife enafe mapazi ali gwa. Anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Iwo anaika singano pansi, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Dabulo."

Mayo ine! Mitima itatu, abale. Si pansi, si pamwamba, ndi pakati penipeni pamene ngakhale akatswiri amakanganirana. Ndinayang'ana nkhope yawo kuti mwina indiuze, koma inali nkhope yomwe ija ya pamaliro a alamu, youma, yosapempha kanthu kwa munthu. Ndinafuna kufunsa kuti, achemwali, ndi iti imeneyi? Woyang'anira uja anakweza belu, kundikumbutsa kuti ndikayankhula atichotsa mumpikisano. Tangoganizani kupusa kwanga, mchemwali wanga akumira, ine ndikuopa belu.

Kenako sitinalinso pamlatho, tinali kukhitchini kwawo, tebulo lomwelo, adani omwewo, madzi afika m'khosi. Iwo akukonza duku kuti lisanyowe. Ndinawerenga mpiru wanga kawiri, katatu, ndikudziuza kuti achemwali ndi munthu wolimba, akati athana nazo amathana nazodi, ndiwasiye asandikalipire. Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha. Mawu amene ankabwera ndinawazindikira, ndinayesa kuwameza, ndinadzitseka ndi manja onse awiri, koma anatulukabe. Pasi.

Bambo wa chimanga uja anati, "Zikomo amayi," mwaulemu kwambiri, n'kuyamba kutolera makadi. Ndinataya mpiru wonse, n'kukwera patebulo ndi mawondo, ndikukuwa mitundu yonse imene ndikuidziwa, sipedi, fulawa, chilichonse, bola ndiwachotse. Belu linayamba kulira. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire duku lija.

Dzidzidzi ndadzuka, ndili pansi pa simenti, neti yothothoka ndaikumbatira, kunja kwayera kale.

Sindinasambe n'kumaso komwe. Ndinaimba foni, ndipo ulendo uno anayankha. Atangoti "Halo" ndinalira, ndisaname, ndinalira ngati kamwana. Ali moyo, ali gwa, akuti amathirira maluwa. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Filesi, ndi kutulo komwe ukupasa dabulo yanga? Sudzaphunzira iwe."

"Ndikhululukireni achemwali. Loweruka tisewerabe limodzi?"

"Nanga ndisewera ndi ndani? Wina angandipirire ine?"

Mtima wanga unakhala pansi, abale. Ndiye ndinawafunsa chifukwa chimene sankayankhira foni masiku onsewa. Anati sikunali kukwiya ayi, kungoti masiku ena m'nyumba muja mumakula kwambiri, safuna kuyankhula ndi munthu. "Koma ndili bwino," anatero. "Usavutike n'kubwera."

Tsono inu odziwa kumasulira, ndithandizeni. Madzi ozungulira munthu mmodzi amatanthauza chiyani? Nanga mpiru? Wina asandiuze kuti ndinadya kwambiri, ndinagona ndi tiyi yekha. Lembani ndiziwerenga m'njira, chifukwa pano ndili mu minibasi ndi kachikwama ka zovala za masiku atatu. "Usavutike n'kubwera" imeneyo sindikudziwa kuti ndi dabulo iti, koma akakalipa akalipe ndili pakhomo pawo. Iyi yokha sindipasa.