Nsomba Zamizere za Apongozi

Bambo anga anali odula magalasi. Pamsewu wathu panalibe zenera limene sanaligwirepo, ndipo ana akaswa lina ndi mpira, makolo ankangoti, "Kaitaneni a Magalasi." Dzinalo linawakanirira moti lenileni anthu analiiwala.

Kashopu kawo kanali kuseri kwa nyumba, konunkha guluu nthawi zonse. Zidutswa zotsala sankataya. Ankazimata n'kupanga mabokosi agalasi, ndipo lalikulu kuposa onse linkakhala pabalaza pafupi ndi wailesi. Mmenemo ankawetamo magapi, tinsomba totalika ngati kachala ka mwana, ta michira yotambalala yamawangamawanga. Mayi ankawaseka kuti, "Anzanu akuweta nkhuku, inu mukuweta ndiwo zosadyeka." Bambo ankangomwetulira, akuwaza chakudya ndi zala ziwiri.

Magapi ndi ofatsa, choncho Bambo sankawapatsa mnzawo wachisawawa. Nsomba yatsopano inkayamba yakhala m'botolo lalikulu pambali kwa masabata awiri, iwo akuiyang'anitsitsa kadyedwe kake, kukula kwa kamwa, ndi ukali wake. Zimene zinakhoza mayesowo zinali zochepa: timilamba tiwiri tandevu totola zakudya zogwera pansi, ndi kagulu ka tinsomba ta mzere wabuluu tosalimbana ndi aliyense.

Nditakwatiwa, amuna anga ankawaopa Bambo koopsa. Anali dalaivala wa lole, munthu wolongolola akakhala ndi anzake, koma akangolowa pabalaza paja mawu ankawathera. Loweruka lina tikupita kukacheza, ananyamula thumba lapulasitiki la madzi, muli nsomba zitatu zachikasu zamizere yakuda.

"Bambo, ndimati ndikupatseni kamphatso," anatero amuna anga. "Wogulitsayo anati zimakhala bwino ndi nsomba iliyonse."

Ndinaona Bambo akuyang'ana thumbalo, kenako botolo lawo, kenako nkhope ya apongozi awo imene inali thukuta lokhalokha. Botolo sanalikhudze. Anayandamitsa thumbalo m'bokosi la magapi kwa kanthawi, n'kulimasula.

"Zikomo, apongozi. Koma ndiye zokongola."

Lolemba m'mawa Mayi anandiimbira foni. Alendo amizere aja anali ataluma magapi michira mpaka kusanduka zisanza, ndipo atatu okongola kwambiri anali atafa. Nditawauza amuna anga, chakudya chamasana sanachikhudze. Anavala malaya oyera, tinanyamuka kukapepesa.

Tinawapeza Bambo m'kashopu, pensulo ili kukhutu, magalasi asanu odula kale ali pathebulo. Amuna anga asanatsegule pakamwa, Bambo anati, "Mwachita bwino kubwera. Tandigwirirani apa, manja awiri sakukwana."

"Bambo, za nsomba zija..."

"Wolakwa ndine, khalidwe la nsombazi ndinkalidziwa. Zikungofuna nyumba yawoyawo, komanso tiwonjezere zina kuti zizithamangitsana zokhazokha. Gwirani mowongoka, galasi likupendekeka."

Guluu uja sankauma msanga, ndiye amuna anga sakanatha kusiya galasi n'kuthawa. Ine ndinapita kukhitchini kwa Mayi. Kenako tinamva Bambo akufunsa za galasi lakutsogolo kwa lole, chifukwa chake likasweka silibaya. Posakhalitsa amuna anga anali pakati pa nkhani ya mbuzi imene inawakwerera m'lole osaidziwa, Bambo akuseka mpaka kutsokomola.

Mayi anaimika mpeni. "Iwe, akulankhulawo ndi amuna ako omwe aja?"

Kuyambira pamenepo Loweruka linali lawo. Amuna anga anaphunzira kudula galasi, atadzicheka kangapo ndithu, ndipo akapita ulendo wautali ankaimba foni kufunsa ngati magapi aswa. Ine ankandipatsa moni pomaliza. Manja a Bambo atayamba kunjenjemera, anagawana ntchito: Bambo kuyeza ndi kulemba, apongozi kudula. Kwa makasitomala Bambo ankati, "Uyu ndi mwana wanga," osawonjezera china.

Bambo anamwalira patapita zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Mayi anabwera kudzakhala nafe. M'kashopu muja tsopano muli wokonza mafoni. Tsiku losamutsa katundu, amuna anga anakana kuti nsomba zikwere galimoto, ati mabampu azivulaza. Anazinyamula wapansi m'ndowa, maulendo anayi, akuponda pang'onopang'ono kuti madzi asakhavukire, ine ndili pambali ndi ambulera kuzitchingira dzuwa.